Wokuthandizani Sakuiona Nyumba Yanu: Kafunsidwe Kabwino Intaneti Ikavuta Pakhomo

Kabuku aka talembera mabanja a ku Engutwini, a pa boma la Mzimba ndi a madera onse a kummwera monga Embangweni, Edingeni, Jenda, Champhira, Luwerezi ndi Khosolo. M'makomo ambiri a kuno intaneti ili ndi ntchito yaikulu. Ndiyo imalumikiza mayi ndi mwana wake amene ali ku Joni, ndiyo imabweretsa uthenga wa ndalama, ndipo mphunzitsi, namwino ndi wophunzira wa ku koleji amatumizira ntchito zawo pamenepo. Ikaima, nyumba yonse imasowa mtendere.

Ikaima, ambiri timatenga foni n'kulemba mawu awiri okha: "Netiweki yavuta." Mwana ali ku Johannesburg amauona uthengawo pa nthawi yopuma kuntchito, n'kufunsa kuti, "Yavuta bwanji, amama?" Yankho limafika madzulo: "Sikugwira basi." Iye amafunsanso, kuno timayankha mawa lake, mpaka masiku atatu kutha pa vuto lomwe likanatha m'mphindi khumi. Palibe amene walakwa dala. Chachitika n'chakuti amene tikumufunsayo ali kutali. Sakuona nyali za pa rauta, sakudziwa ngati magetsi a ESCOM alipo, sakudziwa kuti dzulo kunagwa mvula ya ziphaliwali. Zonsezi tikuziona ndife, ndipo iye angazidziwe pokhapokha titamuuza. Zili chimodzimodzi mukamaimbira kampani ya foni kapena kulembera wokonza mafoni wa pa boma.

"Netiweki yavuta" ndi matenda ambiri

Mukapita kuchipatala cha Embangweni n'kungonena kuti "ndikudwala", adokotala sangakupatseni mankhwala. Amafunsa pamene pakuwawa, tsiku lomwe munayamba kumva, ndiponso zomwe mwamwa kale. Intaneti nayo ili ndi ziwalo zake, ndipo vuto limakhala pa chimodzi mwa izo.

Choyamba ndi magetsi: a ESCOM, a sola kapena batire la kachipangizo. Kenako pali chipangizo chobweretsa intaneti m'nyumba, kaya ndi rauta, kaMiFi, mbale ya Starlink, kapena foni yomwe ikugawira ena kudzera pa hotspot. M'kati mwa rauta kapena MiFi muli simukhadi, ndipo simukhadiyo iyenera kukhala ndi bandulo yomwe sinathe. Kunja kuli nsanja ya Airtel kapena ya TNM yomwe chipangizo chanu chimalankhula nayo. Kuseri kwa nsanjayo kuli nthambo zodutsa m'dziko lonse mpaka kunyanja yamchere, chifukwa Malawi alibe gombe ndipo intaneti yathu yambiri imadzera m'maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique. Pa 12 May 2024 nthambo ziwiri za pansi pa nyanja, ya EASSy ndi ya Seacom, zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inayenda mwaulesi m'Malawi, Tanzania, Kenya ndi maiko ena kwa masiku angapo. Amene anatsegula rauta yake ndi mpeni masiku amenewo anaiononga pachabe.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimasokoneza ambiri, ndipo ndi bwino tichimvetse pano. Wi-Fi ndi intaneti ndi zinthu ziwiri. Wi-Fi ndi kanjira kochoka pa foni yanu kufika pa rauta ya m'nyumba mwanu, pomwe intaneti ndi zomwe rautayo ikukoka kuchokera kunja. Zili ngati mpopi ndi thanki: mpopi ukhoza kukhala wabwinobwino, wolumikizidwa bwino, koma ngati m'thanki mulibe madzi simutunga kanthu. N'chifukwa chake foni imatha kuonetsa kuti Wi-Fi yadzadza koma WhatsApp osatumiza uthenga. Mukauza wokuthandizani kuti "Wi-Fi ikuonetsa yodzadza koma palibe chikutseguka", mwamuchotsera theka la ntchito, chifukwa wadziwa kale kuti ayang'ane ku bandulo, ku simukhadi kapena ku nsanja.

Musanalembe uthenga, yendani kaye m'nyumba

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pali zinthu zochepa zomwe palibe wina angakuchitireni ali kutali, ndipo sizitenga mphindi khumi.

Yang'anani ngati chipangizo chayaka, ndipo werengani nyali zake: ndi zingati zayaka, za mtundu wanji, zikuphethira kapena zangoima. Pa marauta ambiri nyali yofiira imasonyeza kuti simukhadi sikuwerengeka kapena netiweki palibe, koma mitundu ya nyali imasiyana malinga ndi rauta, choncho nenani zomwe mukuona, tanthauzo musiyire wokuthandizaniyo.

Zimitsani chipangizocho, chotsani ku magetsi, dikirani mphindi imodzi, yatsaninso, ndipo chipatseni mphindi zitatu kuti chipeze netiweki. Apa pali chenjezo lalikulu. Kuseri kwa rauta kuli kabowo kakang'ono kolembedwa Reset. Musalowetsemo singano kapena kamtengo musanauzidwe ndi munthu wodziwa. Kuzimitsa ndi kuyatsa sikufufuta kanthu, koma kabowo kaja kamafufuta zonse zomwe anakukonzerani, dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi yomwe, n'kubwezera rauta momwe inachokera kufakitale. Mabanja ambiri asandutsa vuto laling'ono kukhala lalikulu ndi kabowo kameneka. Ngati wina m'nyumbamo wakagwira kale, nenani poyera pofunsa. Palibe chochititsa manyazi, ndipo kubisa kumangomuzunguza wokuthandizani.

Yesani foni ina. Ngati foni ya adada ikukana koma ya mwana ikugwira pa Wi-Fi yomweyo, vuto lili mu foni ya adada, rauta ilibe mlandu. Ngati zonse zikukana, yang'anani ku rauta. Funsaninso oyandikana nawo amene ali ndi simukhadi ya kampani yomweyo. Ngati nawonso akudandaula, vuto lili pa nsanja kapena kupitirira apo, ndipo m'nyumba mwanu mulibe choti mukonze.

Onani bandulo. Izi zimaoneka zachidziwikire, komatu mavuto ena amathera pomwepa. Onani zinthu zitatu: kuchuluka kwa zomwe zatsala, tsiku lomwe ikutha, ndi mtundu wake. Bandulo ina ndi ya WhatsApp kapena Facebook yokha, ndiye mauthenga amayenda koma masamba ena onse satseguka. Ina imagwira usiku wokha. Ina imalembedwa kuti ilibe malire, koma mukagwiritsa ntchito kufika pa mlingo wina liwiro lake limatsitsidwa. Onetsetsaninso kuti bandulo munaigulira nambala ya simukhadi ya mu rauta, chifukwa zimachitika kuti munthu wagulira nambala ya foni yake ya m'thumba.

Pomaliza yang'anani kachilembo kali pafupi ndi timizere ta netiweki pamwamba pa foni. E ndi netiweki yakale ya 2G, yomwe imakwawa ngati nkhono. H kapena H+ ndi 3G. 4G kapena LTE ndiyo yothamanga. Kachilembo kameneka kamanena zambiri kuposa mawu oti "ikuchedwa".

Zoti zikhale mu funso lanu

Funso labwino silitanthauza funso lalitali kapena la Chingerezi. Lembani m'Chitumbuka, m'Chichewa kapena m'chilankhulo chilichonse chomwe wokuthandizaniyo amamva, bola mukhale izi:

Kumene muli. "Ku Mzimba" sikukwanira, chifukwa Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'Malawi, ndipo netiweki ya pa boma si yofanana ndi ya m'zigwa za ku Khosolo. Tchulani mudzi, ndi sukulu, tchalitchi kapena msika womwe uli pafupi. A kampani amagwiritsa ntchito zimenezi kuti adziwe nsanja yomwe mumatungako.

Chipangizo chanu ndi kampani yake. Tembenuzani rauta, muona kapepala kolembedwa dzina monga Huawei, ZTE kapena TP-Link, ndi manambala a mtundu wake. Koperani momwe zalembedwera. Nenaninso ngati simukhadi ndi ya Airtel kapena TNM.

Chomwe chikuchitika ndi chomwe sichikuchitika. "Mauthenga olemba akupita, koma kuimba kwa kanema kukuduka pakatha mphindi imodzi." Ngati pa foni pakutuluka mawu a Chingerezi monga "Connected, no internet" kapena "Invalid SIM", akopereni chilembo ndi chilembo ngakhale simukuwamva. Musawamasulire, chifukwa akatswiri amazindikira vuto ndi mawu enieniwo.

Pamene zinayambira, ndi nthawi yomwe zimachitika. Intaneti yomwe imathamanga m'mamawa n'kumakwawa kuyambira 6 koloko madzulo nthawi zambiri imasonyeza kuti anthu achuluka pa nsanja imodzi. Yomwe imatha magetsi akazima kwa maola angapo, ngakhale inu muli ndi sola, imaloza ku magetsi a pa nsanja. Yomwe inafa tsiku limodzi osadzukanso ndi nkhani ina.

Chomwe chinasintha. Funso ili anthu amaliiwala, komatu kawirikawiri yankho limabisala momwemu. Kodi munasuntha rauta kuchoka pawindo kupita kuchipinda? Makoma a njerwa zootcha ndi denga la malata zimafooketsa netiweki. Kodi tchaja yake inatayika n'kuikapo ina? Marauta ambiri amafuna magetsi a 12V, ndipo tchaja yosayenera imachititsa kuti izizima yokha kapena ipse. Kodi kunagwa mphezi? Kodi mlendo anasintha pasiwedi?

Zomwe mwayesa kale, ndi zomwe zinatsatira. Mukapanda kunena, wokuthandizani ayamba kukuuzani zomwezo.

Katundu wochokera ku Joni

Nkhani iyi ndi yathu kwambiri kuno ku Mzimba, kumene pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi ana ake ku South Africa. Marauta, timaMiFi ndi mafoni ambiri amabwera m'zikwama pa basi kapena ndi oyendetsa katundu. Zina mwa zipangizozi zinagulidwa ku makampani a kumeneko monga Vodacom, MTN, Telkom, Cell C kapena Rain, ndipo zina zinatsekedwa kuti zizilandira simukhadi ya kampani yokhayo. Mukaikamo ya Airtel kapena TNM, chipangizo chimayaka, Wi-Fi imaoneka, koma intaneti osabwera. Nthawi zina chimalemba "SIM lock" kapena kupempha nambala yotsegulira. Musamangoyesa manambala a m'mutu, chifukwa zipangizo zina mukalakwitsa kangapo zimatsekeratu.

Zina sizinatsekedwe, koma zikusungabe m'kati mwake adiresi ya kampani yakale, yomwe akatswiri amaitcha APN. Iyi imasinthika mosavuta munthu akakulondolerani. Kuti musiyanitse ziwirizi, funso lanu linene zinthu zitatu: kuti chipangizocho chinachokera kunja, chizindikiro cha kampani chomwe chili pamwamba pake, ndiponso ngati chinayamba chagwirapo ndi simukhadi ya kuno. Chipangizo chomwe chinagwira miyezi isanu n'kuima dzulo sichinatsekedwe. Chomwe sichinagwirepo chifikireni ndicho chokayikitsa.

Kwa inu muli ku Joni amene mungawerenge kabuku aka, musanagule chipangizo chotumiza kumudzi funsani wogulitsa ngati chimalandira simukhadi ya kampani iliyonse. Ndi zomvetsa chisoni kuona mayi akusunga m'kabati chipangizo chomwe mwana wake anachivutikira, chosagwira ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Inu a m'malire

Ku Jenda, ku Mqocha ndi m'midzi yoyang'anana ndi Lundazi, foni imatha kukoka netiweki ya ku Zambia inu muli pakhonde panu. Pamwamba pa foni pamaoneka kachilembo R, kapena dzina la kampani limasintha. Zikatero bandulo yanu ya kuno siigwira, ndipo mayunitsi amatha kudyeka msanga. Ngati mumakhala kufupi ndi malire, nenani zimenezo mu funso lanu, ndipo lembani dzina la netiweki lomwe foni ikuonetsa. Mankhwala ake ndi kuuza foni kuti isamasankhe netiweki yokha, ndipo wokuthandizani angakuonetseni pomwe mungasinthire.

Bandulo ikamatha msanga

"Akundibera bandulo" ndi dandaulo lomveka, koma palibe amene angalifufuze popanda manambala. Lembani tsiku lomwe munagula, kukula kwake, ndi tsiku lomwe inatha. GB imodzi ndi ma MB pafupifupi 1,000, ndipo ola limodzi la kanema pa TikTok, YouTube kapena kuimbirana kwa kanema limatha kudya ma MB mazana angapo. Werengani mafoni omwe amadziwa pasiwedi yanu, kuphatikizapo a ana ndi a oyandikana nawo. Mu foni iliyonse, ku Settings, muli malo oonetsa pulogalamu yomwe yadya zambiri. Jambulani pamenepo. Mukapita ku kampani ndi zimenezi m'manja, amakumverani mosiyana ndi munthu wongokalipa.

Amene muli ndi Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, funso lanu linene ngati pali mtengo kapena denga lomwe likutchinga mbale, ngati kukugwa mvula yamphamvu, ndi mtundu wa magetsi omwe mukugwiritsa ntchito, chifukwa imadya magetsi ambiri kuposa rauta wamba ndipo sola yaing'ono imalephera nayo usiku. Pulogalamu yake ya pa foni imalemba yokha vuto lomwe yaona.

Zithunzi, ndi zomwe simuyenera kutumiza

Chithunzi chimodzi cha nyali za rauta chimaposa mauthenga asanu. Uthenga wa mawu ndi wabwino kwa amene kulemba kumawavuta, koma ukhale waufupi ndipo manambala muwalembe padera, popeza munthu ali kuntchito sangamvetsere uthenga wa mphindi zisanu ndi ziwiri katatu kuti apeze nambala imodzi. Ngati intaneti yaferatu, SMS wamba imapitabe.

Pojambula kapepala ka pansi pa rauta, phimbani pasiwedi ndi chala ngati chithunzicho chikupita kwa munthu wachilendo kapena ku gulu la WhatsApp.

Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba musauze munthu aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani. Palibe vuto la intaneti lomwe limakonzedwa ndi nambala imeneyo. Chimodzimodzinso manambala omwe amabwera pa SMS otsimikizira WhatsApp kapena banki. Akuba amatchera khutu anthu omwe alengeza pagulu kuti ali pa vuto, kenako amaimba mwaulemu ngati ogwira ntchito ku kampani. Wina akakuimbirani motero, dulani, muimbire nokha kampaniyo pa nambala yomwe yalembedwa pa chikuto cha simukhadi kapena pa sitolo yawo. A kampani enieni, inu mukawaimbira, angafunse dzina lomwe simukhadi inalembetsedwera ndi chitupa cha unzika cha NRB, choncho dziwani pasadakhale kuti simukhadi ya mu rauta ili m'dzina la ndani. Ngati ili m'dzina la mwana amene ali kunja, muuzeni kuti mwina afunika kulankhula nawo yekha.

Mauthenga awiri a nkhani imodzi

Woyamba: "Achimwene, rauta ija yafa. Mutumize ina."

Wachiwiri: "Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Kuno tonse tili bwino. Rauta ya Huawei ija yasiya kupereka intaneti kuyambira Lachiwiri m'mawa. Ikuyaka, nyali ya Wi-Fi ili bwino, koma ya netiweki ndi yofiira. Mafoni atatu onse akulumikiza koma palibe chikutseguka. Bandulo ilipo 6GB, ikutha pa 28. Simukhadi yake ndaiika mu foni yanga ndipo ikugwira, ikuonetsa 4G. Ndazimitsa ndi kuyatsa kawiri, kabowo ka Reset sindinakagwire. Lolemba amama anaisamutsira kuchipinda kwawo chifukwa cha fumbi. Chithunzi cha nyali ndi ichi. Ndiyambire pati?"

Wolandira uthenga wachiwiriwu adziwa nthawi yomweyo kuti bandulo ili bwino, simukhadi ili bwino, ndipo nsanja ikugwira. Atsala ndi zinthu ziwiri zokha: malo omwe rauta yaikidwa, kapena kakhalidwe ka simukhadi m'kati mwa rautayo. Ayankha kuti, "Ibwezereni pawindo paja, mulowetsenso simukhadi bwinobwino." Uthenga woyamba uja ukanadyetsa banja ndalama za rauta yatsopano. Onaninso kuti moni sanachotsedwe. Kufunsa momveka sikutanthauza kutaya ulemu. Perekani moni ndi funso lanu mu uthenga umodzi, m'malo molemba "moni" n'kudikira maola awiri kuti ayankhe musananene chomwe mwadzera.

Mukamalankhula ndi kampani

Imbani muli pafupi ndi chipangizocho, pa foni ina ngati ilipo, cholembera chili m'manja. Mukafotokoza, pemphani nambala ya dandaulo lanu, ndipo lembani nambalayo pamodzi ndi tsiku ndi zomwe akulonjezani. Mukaimbanso, yambani ndi nambala imeneyo kuti musabwereze nkhani kuchokera pachiyambi. Wolandira foniyo si amene wazimitsa nsanja, ndipo amathandiza msanga munthu wofotokoza modekha.

Ngati mudzi wonse uli pa vuto limodzi, ndi bwino anthu angapo adandaule aliyense pa nambala yake, kutchula malo omwewo ndi nthawi zomwezo. Dandaulo la munthu mmodzi limaoneka ngati vuto la foni yake, koma la anthu khumi a dera limodzi limaloza ku nsanja. Kampani ikalephera kukuthandizani, muli ndi ufulu wotengera nkhaniyo ku MACRA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira makampani a mafoni, intaneti, wailesi ndi positi. Nawo adzafuna kudziwa ngati munayamba mwadandaula ku kampani, ndipo apa ndi pomwe nambala ija ndi masiku aja zimagwira ntchito.

Akakuyankhani

Chitani chinthu chimodzi pa nthawi, n'kunena chomwe chachitika musanapite ku china. Mukasintha zinthu zinayi nthawi imodzi intaneti n'kubwera, simudziwa chomwe chachiritsa, ndipo mwezi wamawa mudzayambiranso. Mawu omwe simunamve funsani, safunsa anadya phula. Ngati akuti "lowani mu rauta" ndipo simukudziwa polowera, nenani, akuuzani manambala oti mulembe pa foni, omwe nthawi zambiri amayamba ndi 192.168 ndipo alembedwa pa kapepala ka pansi paja. Nthawi ya Malawi ndi ya South Africa ndi imodzi, choncho n'zosavuta kupangana ola lomwe nonse muli omasuka, m'malo motumizirana mauthenga tsiku lonse.

Zikatheka, bwererani kwa amene anakuthandizani mukamuuze chomwe chagwira ntchito, ndipo mumuthokoze. Kenako tengani kope limodzi lotsala la mwana wa sukulu likhale la intaneti ya pakhomo. Patsamba loyamba lembani dzina ndi mtundu wa rauta, nambala ya simukhadi yake, dzina la amene inalembetsedwera, ndi manambala a pa tchaja yake. M'masamba otsatira muzilemba tsiku lomwe mwagula bandulo, tsiku lomwe yatha, ndi vuto lililonse ndi momwe linathera. Kopelo muliike m'kabati pamodzi ndi mabuku a kuchipatala, pomwe aliyense wa m'nyumba angalipeze inu mutapita kumunda kapena kumaliro.